Ndi pulogalamu iti yochotsa noise pa zithunzi za ISO yokwera?

Anzanga ojambula, ndithandizeni nzeru. Ndimajambula oimba usiku, m'malo amene salola flash, choncho ISO (mlingo umene timakweza pa kamera kuti chithunzi chiwale mumdima) imafika 6400 kapena kupitirira. Zithunzi zimatuluka ndi timadontho tofiira ndi tobiriwira, makamaka mbali zamdima; timadontho timeneti ndiye noise. Ndikati nditichotse, nkhope zimasalala ngati za chidole, tsitsi ndi ulusi wa malaya n'kufafanizika. Zimenezi ndiye zimandiwawa.

Ndimajambula mu RAW (mafayilo a zithunzi amene kamera sinawakonze). Ndamva za DxO PureRAW, Topaz Photo AI, komanso Denoise imene Adobe anaika mu Lightroom mu 2023. Koma kompyuta yanga ndi yakale, ilibe graphics card (chipangizo cha m'kompyuta chogwira ntchito za zithunzi) yamphamvu, ndipo mapulogalamu a AI amachedwa popanda iyo.

Amene mwawagwiritsapo ntchito, ndi pulogalamu iti imene imasiya khungu likuoneka lenileni? Nanga darktable, pulogalamu yaulere ija yokonzera zithunzi, ingakwanitse pa ISO yotereyi?