Ndikufuna kumanga ndekha kanyumba kosungiramo katundu kuseri kwa nyumba: ndiyambire pati?

Mphunzitsi wa ku Area 25 walemba:

Akuluakulu, ndakupatsani moni nonse. Ndimakhala pa puloti yanga ku Area 25 mumzinda wa Lilongwe, ndipo chipinda chimene chinayenera kukhala cha ana chasanduka nkhokwe. Muli matumba a chimanga chochokera kumudzi, feteleza amene ndimagula pang'onopang'ono podikira dzinja, makasu, wilibala, njinga ziwiri ndi zitini za penti zotsala pamene tinkamanga. Mayi akunyumba alankhula kokwanira, choncho ndaganiza zomanga kanyumba ka mamita 3 mulitali ndi mamita 2.4 mulifupi kuseri kwa nyumba, ndipo ndikufuna kugwira ntchitoyi ndekha pa tchuthi cha mwezi wa August, mothandizana ndi mphwanga, chifukwa ndalama yolipira mmisiri ndilibe.

Zimene zikundizunguza ndi izi. Kodi ndimange ndi mabuloko a simenti, kapena ndingoimika mitengo n'kukhomerera malata m'mbali monse, popeza njira yachiwiriyi ikuoneka yofulumira? Kodi pansi payenera konkire, kapena kutsendera dothi n'kokwanira? Komanso ndikulingalira zogwiritsa ntchito mpanda wa njerwa umene ulipo kale kuti ukhale khoma lakumbuyo, kuti ndipulumutse khoma limodzi. Amene munamangapo, ndithandizeni nzeru ndisanagule chilichonse.

Mmisiri wopuma wa ku Chirimba wayankha:

Aphunzitsi, ntchito imeneyi mukhoza kuigwira ndithu, koma ndikupemphani kuti musiye kaye kuganiza za makoma ndi denga, muyambe ndi pansi, chifukwa tinyumba totere tambiri timene ndinaitanidwa kukakonza tinali titawonongeka kuchokera m'munsi. Pitani kuseriko mukakumbukire mmene madzi amayendera mvula ikagwa ya mphamvu mu January. Pamene madzi a padenga la nyumba yaikulu amathera, pamene pali thanki ya chimbudzi kapena dzenje la madzi oipa, ndiponso pamene panadutsa paipi yochokera ku mita ya madzi, pamenepo si pomanga. Ngati dothi lanu ndi katondo muli ndi mwayi, koma ngati ndi makande, amene amafufuma akanyowa n'kung'aluka akauma, maziko ayenera kupita pansi kwambiri.

Poyeza, khomani zikhomo, mangani chingwe, ndipo ngodya muziwongole ndi tepi motere: kuchokera pangodya yezani masentimita 90 mbali imodzi ndi masentimita 120 mbali inayo, ndipo pakati pa mfundo ziwirizo payenera kukwana masentimita 150 ndendende. Mukamaliza yezani mopingasa kuchokera ngodya ina kufika ina. Miyeso iwiriyo ikafanana, ndiye kuti mwakhoza. Ambiri amaona ngati kumeneku n'kutaya nthawi pa kanyumba kakang'ono, koma kupotoka kwa pansi kumadzaonekera pokhoma malata, pamene mbali ina yatsala ndipo ina yaperewera.

Kumbani ngalande ya maziko mpaka mutapitirira dothi lakuda la pamwamba n'kufika polimba, zimene pa katondo zimakhala pafupifupi theka la mita. Thirani konkire pansi pa ngalandeyo, mangani mizere ya mabuloko mpaka itatuluka pamwamba pa nthaka ndi masentimita osachepera 15, dzazani m'katimo ndi zidutswa za njerwa kapena miyala, tsenderani mwamphamvu, yalani mchenga pang'ono, kenako pulasitiki wakuda wokhuthala, ndipo pamwamba pake ndi pamene mubwere ndi konkire wa masentimita 10. Pulasitikiyo ndi wotsika mtengo, komabe ndi iye amene adzaletse chinyezi cha m'nthaka kukwera m'matumba anu. Kutsendera dothi lokha kumakwanira pa khola la mbuzi, osati posungira chimanga ndi feteleza.

Kasakanizidwe kake, thumba limodzi la simenti la makilogalamu 50 lipite ndi wilibala imodzi ya mchenga wa kumtsinje ndi mawilibala awiri a miyala ya kwale. Pa muyeso mwatchulawo, pansi pokha padzadya matumba pafupifupi 5, kupatula a maziko. Madzi asachuluke ngati phala la mwana, ndipo mukathira muzinyowetsa m'mawa ndi madzulo kwa masiku 7, makamaka popeza August kumakhala mphepo youma imene imaumitsa konkire asanakhwime.

Za makoma, ine ndikuti mangani ndi mabuloko. Buloko wamba wa masentimita 40 mulitali ndi 20 msinkhu amalowa 27 pa mzere umodzi kuzungulira kanyumba kanu, choncho mabuloko 350 adzakwana maziko ndi makoma, kuphatikizapo ochepa osweka. Matope omangira akhale thumba limodzi pa mawilibala atatu a mchenga, ndipo muziika waya wolimbitsa khoma wotchedwa brickforce m'matopemo pakatha mizere itatu iliyonse. Munthu wosazolowera asathamange: mizere inayi kapena isanu pa tsiku, levulo ili m'manja, n'kokwanira. Pogula mabuloko, tengani limodzi mulikande ndi msomali; likamayoyoka ngati chigumu, wopangayo anaumira simenti.

Mayi wa ku Machinjiri wayankha:

Bambo, ine sindine mmisiri, koma ndikuuzeni zimene zinatichitikira ife amene tinasankha njira yofulumirayo. Tinagula mitengo ya bulugamu, tinaikwirira m'nthaka momwemo, n'kukhomerera malata akale m'mbali ndi pamwamba, ndipo masiku atatu okha ntchito inali itatha. Chaka choyamba tinkadzitama. Chaka chachiwiri chisanathe chiswe chinali chitadya mitengo inayi m'munsi, moti kunja inkaoneka yabwinobwino koma m'kati munali dothi lokhalokha, ndipo chitseko chinayamba kukana kutsekeka chifukwa kanyumba konse kanali katapendekeka.

Chimene chinandipweteka kwambiri, komabe, chinali chimanga. M'kanyumba ka malata okhaokha mumatentha ngati uvuni mu October, ndiye usiku kukazizira malatawo amachita thukuta n'kumadonthezera pa matumba. Matumba awiri a pansi, amene anakhudza dothi, anachita chuku ndipo tinawataya, poti chimanga cha chuku n'choopsa ngakhale kupatsa nkhuku. Makoswe nawo ankangolowa m'mipata ya malata ngati kwawo.

Chifukwa chake, kaya mumanga ndi chiyani, siyani mipata ya mpweya kumtunda mbali ziwiri zoyang'anizana, ndipo muitchinge ndi waya wa sefa. Matumba akhale pa thandala la matabwa, asakhudze pansi kapena khoma. Ndaonanso kuti mwatchula chimanga, feteleza ndi penti ngati zokhalira limodzi. Zimenezo zilekanitseni, ngakhale ndi kakhoma kofika m'chiuno, chifukwa feteleza wa urea amakoka chinyezi n'kusungunuka, ndipo fungo la penti ndi mankhwala a m'munda siliyenera kuyandikira chakudya cha ana. Ife tsopano timagwiritsa ntchito matumba a PICS, aja okhala ndi mapulasitiki awiri m'kati, ndipo anankafumbwe anatileka, koma khoswe akaboola ndiye kuti thumbalo latha ntchito, n'chifukwa chake chitseko chiyenera kugwira pansi bwinobwino.

Kalipentala wa ku Zomba wayankha:

Mayi a ku Machinjiri andikhululukire, koma mlandu sunali wa mitengo ayi, unali wa kuikwirira m'nthaka. Kanyumba ka matabwa kamakhala zaka zambiri ngati kaima pa konkire, thabwa la m'munsi litagona pa pulasitiki n'kumangidwa ndi mabawuti, ndiponso matabwa onse atapakidwa mankhwala monga Solignum asanakhomedwe, makamaka kumapeto kumene mwacheka. Kwa munthu wa lendi, amene tsiku lina adzafuna kuphwasula n'kunyamula, njira imeneyi ndiyo yanzeru. Koma popeza Aphunzitsi puloti ndi yawo, ndipo m'katimo mudzakhala njinga ndi feteleza, zimene akuba amazikonda, ndikuvomerezana ndi bambo a ku Chirimba, pakuti malata a m'mbali munthu amawatsegula ndi chitsulo chimodzi mwakachetechete.

Ine ndinenepo za denga. Likhale lotsetsereka mbali imodzi, khoma lakutsogolo litalike kuposa lakumbuyo ndi mizere iwiri ya mabuloko, ndiye kuti masentimita 40. Mukatero, malata a mafiti 10 adzakwana popanda kulumikiza, n'kutsalako pafupifupi phazi limodzi kutsogolo ndi kumbuyo kuti mvula isamamenye khoma. Malata a IBR, aja a misana ya makona, amaphimba masentimita 68 ndi pang'ono lililonse, choncho 6 adzakukwanirani. Gulani a geji 28 ngati thumba lilola. Kumbukirani kuti nambala ikamakwera lata limapyapyala, moti la geji 32 limapindika ndi dzanja. Mitanda ikhale ya paini wa mainchesi 2 by 4 woimika chammbali, mapaso a 2 by 3, ndipo thabwa musankhe louma ndi lowongoka, chifukwa laliwisi limadzapotoka lili padenga. Misomali ikhomedwe pamsana pa lata, osati m'ngalande moyenda madzi.

Chachikulu koposa ndi kumangirira dengalo ku khoma. Mukafika mizere itatu yomaliza, kwirirani waya wokhuthala kapena chitsulo chopyapyala cha hoop iron m'matope, kuti chidzatuluke pamwamba n'kukulunga mtanda uliwonse. Mphepo imene imabwera ndi mvula yoyamba mu November imalowa kunsi kwa denga n'kulinyamula, ndipo madenga ambiri amene amasasuka nthawi imeneyo amachoka athunthu pamodzi ndi matabwa ake, chifukwa anangokhazikidwa pamwamba pa khoma. Kusanjikiza miyala pamwamba pa malata sikulowa m'malo mwa waya ameneyu.

Mlembi wa ku Area 49 wayankha:

Palibe amene wayankha za mpanda. Achimwene, maganizo amenewo asiyeni. Mipanda yambiri ili ndi maziko osaya, sinaikidwe pulasitiki yoletsa chinyezi, ndipo sinamangidwe kuti inyamule denga. Kuwonjezera apo, denga lanu likatsetserekera kumbuyo, madzi onse adzathera kwa aneba, ndipo mkangano wake udzaposa mtengo wa mabuloko 80 amene mukufuna kupulumutsa. Siyani mpata woti munthu adutse ndi wilibala, kuti muzitha kusesa ndi kuona njira za chiswe zikayamba kukwera.

Komanso musanakumbe, pitani ku ofesi yoona za mapulani ku khonsolo ya mzinda ndi chojambula chosonyeza pamene kanyumbako kadzakhale. M'mizinda, chomangidwa chokhazikika chimafuna chilolezo, ndipo iwo ndi amene angakuuzeni mtunda woyenera kusiya kuchokera m'malire. Yang'ananinso mapepala a puloti yanu, chifukwa ena amakhala ndi mfundo zoletsa kuwonjezera nyumba popanda kudziwitsa eni nthaka.

Mphunzitsi wa ku Area 25 wayankha:

Zikomo kwambiri nonse. Ndapita kuseri ndi tepi madzulo ano, ndipo ndapeza kuti pamene ndinkafunapo ndi pomwe pamathera madzi a padenga, choncho ndasunthira kumbali ya kum'mawa, mita imodzi kuchokera kumpanda. Ndimanga ndi mabuloko, ndipo ku khonsolo ndipita Lolemba. Funso langa lomaliza ndi la chitseko: ndili ndi chathabwa chakale chimene tinachotsa kukhitchini. Kodi chingagwire ntchito?

Mmisiri wopuma wa ku Chirimba wayankha:

Ngati n'chija chopepuka chokhala ndi mphako m'kati, ayi, chidzafufuma ndi mvula yoyamba ndipo mwendo umodzi ukhoza kuchiboola. Pitani kwa owotcherera akupangireni chachitsulo pamodzi ndi felemu yake, chotambalala masentimita 90 kuti wilibala izilowa yodzaza, chokhala ndi kabokosi kobisa loko. Felemuyo muiimike musanayambe makoma, kuti timichira take tilowe m'mizere ya mabuloko pamene mukumanga, ndipo pamwamba pake muthire mtanda wa konkire wokhala ndi zitsulo ziwiri, wopitirira masentimita 20 mbali zonse. Chitseko chakukhitchinicho chigonekeni pa mabuloko anayi m'katimo, chikhale thandala la matumba a chimanga monga ananenera mayi aja.