Tochi yanga ikungophethira itagwa, thandizeni

Moni nonse abale anga. Ndili ndi tochi ya LED yochaja pa USB, ndimaidalira kwambiri kuno ku Chibavi magetsi akathima. Inagwa pa simenti kuchokera pawindo ndiye pano ikumangophethira kenako nkuzima, ukaigwedeza imayakanso pang'ono basi. Ndachaja usiku wonse, ndasinthanso batire ya 18650 koma palibe chasintha. Wokonza mafoni ku Zigwagwa akuti mwina kawaya ka babu kamasuka mkati koma mutu wake ngomata, sukutseguka. Komwe ndinagula akuti waranti siikhudza kugwa ngakhale risiti ndili nayo. Kodi babu la LED limafadi ndi kugwa kamodzi kokha? Alipo amene kampani yopanga inamusinthirapo, munadzera kuti? Nanga ndani mu Mzuzu muno angaitsegule osaiphwanya?