Kodi zithunzi zopenta zimafika bwanji m'manja mwa ogula?

Ndakhala ndikupenta kwa zaka zingapo, koma zithunzi zanga zangounjikana kuchipinda. Kodi anzathu mumawapeza bwanji anthu amene amakonda kusonkhanitsa zojambula?

Yankho loyamba: Ambiri amadutsira m'magalare, amene amaonetsa ntchito yanu kwa makasitomala awo, koma kawirikawiri amatenga pafupifupi theka la mtengo, choncho mugwirizane polemba musanawasiyire chithunzi.

Yankho lachiwiri: Ine ndimagulitsa kudzera pa Instagram. Chithunzi ndimachijambula masana pafupi ndi zenera kuti mitundu isasinthe, kenako ndimalemba kukula kwake, utoto umene ndinagwiritsa ntchito ndiponso chaka. Wogula wozindikira amafunsanso chikalata chotsimikizira kuti ntchitoyo ndi yanu.

Yankho lachitatu: Musasinthesinthe mitengo, chifukwa amene anagula modula amakhumudwa akamva kuti mnzake mwamutsitsira.