Msonkhano wa SIG uli Lachinayi, ahedi ali kumaliro

Adepute, Ntcheu: Aphunzitsi anzanga, ndithandizeni nzeru. Lachinayi tili ndi msonkhano wa komiti ya sukulu, PTA (bungwe la makolo ndi aphunzitsi) ndi Mother Group (gulu la amayi othandiza ana pasukulu), a PEA, mlangizi wa sukulu za pulayimale m'dera lathu, nawonso abwera. Nkhani yake ndi ndalama za SIG, zomwe boma limapereka zotukulira sukulu, momwe zayendera, komanso SIP, pulani yotukulira sukulu, ya chaka chamawa. Ofotokoza ndife awiri, ine ndi ahedi, koma iwo ali kumaliro kumudzi kwawo, afika Lachitatu madzulo. Malisiti ena ali nawo iwo, ena ali ndi msungichuma wa komiti. Ndiyambire pati?

Mphunzitsi wa Sitandade 8, Dowa: Bwanji osangousuntha? Maliro aliyense amamvetsa.

Ahedi opuma, Mchinji: Ayi, musausunthe. A PEA ali ndi sukulu zambiri mu zoni, mukawaphonya tsiku limeneli mudzawapeza liti? Adepute, mawa m'mawa pitani kwa msungichuma ndi kope, mukhale pansi muwerenge malisiti limodzi. Lembani chilichonse: matumba a simenti angati, malata angati, choko, makope, ndalama ya mmisiri amene anakonza zimbudzi. Pomwe lisiti palibe siyani mpata, musalembe za m'mutu. Kenako mujambule tsambalo mutumizire ahedi pa WhatsApp, iwo adzaze mipatayo. Chimene chimagwetsa misonkhano imeneyi si kuba ayi, n'chakuti ahedi atchule nambala ina, adepute atchule ina, makolo ali chete kumvetsera. Basi, mawa lake mudzi wonse ukuti aphunzitsi adya ndalama.

Madamu, Zomba: Zoona bambo. Ndiwonjezerepo: gawanani zolankhula zisanafike pagulu. Ahedi atenge za ndalama poti ndi amene amayankha kwa mkulu wa zamaphunziro m'boma lanu, inu mutenge SIP. Funso likagwera mbali ya anzanu musalilumphire, ngakhale yankho mukulidziwa. Ndipo SIP yanu muiyale motsata mbali zitatu za NESIP, pulani ya maphunziro ya dziko lino: ubwino wa maphunziro, mwayi wofanana kwa ana onse, ndi kayendetsedwe ka sukulu. A PEA amayang'ana pamenepo.

Adepute, Ntcheu: Vuto lina madamu, kumudzi kwa ahedi netiweki ndi yovuta. Foni imalowa akakwera pachulu.

Madamu, Zomba: Musawaimbire, pamaliro sangayankhe bwino. Atumizireni voisi yaifupi ndi chithunzicho, zikalowa aziona. Mupangane ndithu kuti Lachinayi mukumane muofesi 7 koloko, ola lathunthu anthu asanabwere.

Mphunzitsi wa Sitandade 8, Dowa: Chabwino, ndagonja. Koma amfumu mwawauza? Osati kudzera mwa ana, kalata imathera m'thumba la yunifolomu. Apite wapampando wa komiti yekha. Mupezenso wolemba maminitsi, asakhale inu, simungalankhule uku mukulemba.

Ahedi opuma, Mchinji: Ndipo manambalawo muwalembe pa bolodi kapena papepala lalikulu, m'Chichewa. Agogo amene anaumba njerwa za sukuluyo aone okha kuti simenti inadya zingati.

Adepute, Ntcheu: Zikomo nonse. Ndachokera kwa msungichuma, malisiti akusowa awiri okha, a malata ndi a mmisiri. Ahedi ayankha kuti onse ali mu diroo ya tebulo lawo, makiyi ali ndi akunyumba kwawo. Ndikawatenge ndikaweruka.