Pampu ya sola kapena maphunziro? Zokambirana za dimba la ku Linthipe

A Tcheya (Lilongwe): Moni nonse a kwathu. Komiti yabweretsa maganizo awiri pa ndalama ya zopereka za chaka chino. Oyamba ndi oti tigule pampu ya sola ndi thanki, tiike pa dimba la m'mbali mwa mtsinje wa Linthipe. Achiwiri ndi oti ndalamayo ipite ku maphunziro a ulimi wopirira kusintha kwa nyengo, okhudza amayi ndi abambo mofanana. Zonse ziwiri thumba silingakwanitse pakamodzi. Tiyeni timve maganizo anu.

Achimwene a ku Joni: Zikomo a Tcheya. Ine ndili ku pampu. Ng'amba ya El Niño ija, mu Malichi 2024 boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Amene anapulumuka ndi amene anali ndi dimba. Maphunziro anthu kumudzi alandira ambiri, mabungwe abwera n'kupita. Chikusowa ndi madzi.

Alangizi opuma (Salima boma): Achimwene, zoti madzi ndi ofunika palibe angatsutse, koma tiwerengere kaye. Milimita imodzi ya madzi pa hekitala ndi malita 10,000. Kuno kunyanja, mu Seputembala ndi Okutobala, chimanga chimene chayamba ngaiyaye chimamwa mamilimita 5 mpaka 6 pa tsiku, kutanthauza malita 50,000 mpaka 60,000 pa hekitala imodzi. Thanki ya malita 5,000 imene mukuiganizayo ikukwanira kachigawo ka mamita 20 m'lifupi ndi 50 m'litali kwa tsiku limodzi basi. Choncho thanki si nkhokwe ya madzi. Kuthirira kwenikweni kudzachitika pampu ikupopa, kuyambira cha m'ma 9 m'mawa kufika cha m'ma 3 masana, dzuwa likuswa mtengo. Funso langa ndi lakuti, nthawi imeneyo pa dimba pamakhala ndani?

Mayi a ku Lifuwu: Alangizi mwafunsa funso lenileni. Maola amenewo mayi ali pa moto, ali ku chigayo, ali ku sikelo ndi mwana, kapena akudikira ana ochokera ku sukulu. Ndandanda ya madzi ikalembedwa ndi abambo okhaokha, mayi amapatsidwa ola la 12 koloko kapena kumapeto, mphamvu ya dzuwa itachepa, ndipo chigawo chake chimakhala cha kumathero a ngalande kumene madzi amafika atatopa. Mbewu ikafota anthu amati amayi ndi aulesi pa dimba. Ayi. Vuto limakhala ndandanda. Taonani masikimu a mpunga: wowokera mbande ndi mayi, wopalira ndi mayi, wopirikitsa mbalame ndi mayi ndi ana, koma tsiku logulitsa Kilombero wokambirana ndi vendala pa sikelo ndi bambo.

A Msungichuma: Mayi, tsono mukuti pampu isagulidwe?

Mayi a ku Lifuwu: Igulidwe bambo, koma osati isanakonzedwe nkhani ya malo, ya ndandanda ndi ya ndalama. Zikatsogola zitsulo, zinazo sizidzakambidwanso.

Achimwene a ku Joni: Koma kwathu ambiri ndi a chikamwini. Munda ndi wa mkazi kale. Nanga kusalingana kukuchokera kuti?

Aphunzitsi (Chipoka): Achimwene, munda kukhala wa mbumba si ndiye kuti mayi ali ndi mawu pa mundawo. Wogawa malo ndi mwinimbumba, malume ake. Wonena choti chibzalidwe ndi choti chigulitsidwe nthawi zambiri ndi mwamuna. Mkamwini nayenso amazengereza kubzala mitengo kapena kuthira manyowa ambiri pa malo amene akudziwa kuti banja likatha adzawasiya. Kumbali ya chitengwa, mayi wamasiye ndiye amakhala pa chiopsezo chothamangitsidwa. Malo a m'dimba akangoikidwa pampu amakwera mtengo, ndipo achibale amene sankawalabadira amatulukira. N'chifukwa chake pakufunika chikalata chosainidwa pamaso pa a gulupu ndi eni malo, chonena zaka zimene gulu lidzagwiritse ntchito dimbalo, ndi dzina la mlimi aliyense pa chigawo chake. Pa banja alembedwe onse awiri. Wamasiye ndi mayi wosakhala pa banja alembedwe yekha, osati m'dzina la mlongo wake. Lamulo la malo a mafumu la 2016 limanena kuti mwa anthu asanu ndi mmodzi osankhidwa mu komiti ya malo, osachepera atatu akhale amayi. Ife titengere pomwepo.

A Mlembi: Ndalemba. Theka la komiti ya dimba akhale amayi.

Mayi a ku Lifuwu: A Mlembi, musangolemba theka. Lembani maudindo. Makomiti ambiri amayi amawapatsa usungichuma chifukwa chowakhulupirira, koma makiyi a pampu ndi foni ya mekaniki zili kwa abambo. Ophunzira kusamala pampu akhale anayi, amayi awiri ndi abambo awiri. Ntchito yake si yovuta: kupukuta mapanelo ndi nsalu yonyowa m'mamawa asanatenthe, chifukwa fumbi la m'chilimwe limadula mphamvu, kutsuka sefa ya kukamwa kwa paipi, kuonetsetsa kuti paipi yokoka madzi siinagone pa mchenga. Linthipe ndi wa mchenga, ndipo mchenga umadya zamkati mwa pampu mwakachetechete. China, pampu ikamazungulira popanda madzi imapsa. Madzi akatsika mu Okutobala pafunika munthu wodziwa kuizimitsa msanga, ndipo munthu ameneyo ndi amene ali pa dimba tsiku ndi tsiku.

Alangizi opuma (Salima boma): Ndiwonjezere za kumunda wa dzinja, pakuti chakudya chambiri cha pa banja chimachokera kumeneko, osati ku dimba. Ulimi wa mtayakhasu ndi wabwino pa ng'amba chifukwa mapesi ophimbira amasunga chinyezi, koma ukaphunzitsidwa mosaganizira umasenzetsa amayi katundu. Kuunga mizere inali ntchito imene abambo ankagwira nawo kwambiri. Mukaichotsa popanda mankhwala opha udzu, zaka ziwiri zoyamba udzu umachuluka, ndipo kuzula kumagwera amayi ndi ana. Kututa mapesi ophimbira nakonso chimodzimodzi. Kenako mu Ogasiti osaka mbewa atentha, mbuzi ndi ng'ombe zadya otsala, thukuta lonse lapita. N'chifukwa chake mabanja amausiya. Tisayambe ndi munda wonse. Banja liyambe ndi kagawo ka mamita 20 ndi 20, liphimbe mokwanira kuti udzu usamere, ndipo amfumu aike lamulo la moto ndi ziweto mapesi asanayalidwe. Komanso si paliponse. Pa dothi la makande la kudambo, chaka cha mvula yambiri mapesi ndi maenje zimasunga madzi mopitirira, chimanga n'kuchita chikasu. Kumeneko mizere ikhalebe. Mizere yotseka ndi maenje ndi za kumtunda kwa mchenga.

Za mbewu, kuno mvula imafupika, choncho chimanga chocha msanga monga Kanyani ndicho chodalirika. Mizere italikirane masentimita 75, phando ndi phando masentimita 25, njere imodzi. Mtedza wa CG7 ubzalidwe mizere iwiri ya mapando pamwamba pa mzere umodzi woungidwa, masentimita 15 phando ndi phando. Kubzala kothithikana kumachepetsa matenda a kadukutu ndiponso kumaphimba nthaka msanga. Nandolo wa Mwaiwathualimi akhoza kulowa m'munda womwewo wa mtedza, koma amacha mochedwa, nthawi imene mbuzi zamasulidwa kale. Popanda lamulo la amfumu musavutike naye.

A Msungichuma: Nanga feteleza? Si onse amene amalowa mu ndondomeko ya boma ya feteleza wotsika mtengo.

Alangizi opuma (Salima boma): Manyowa a Mbeya amathandiza kutambasula feteleza wochepa. Kasakanizidwe kofala ndi aka: makilogalamu 20 a gaga, 10 a phulusa losefa, 10 a ndowe zouma zopunthapuntha, 10 a feteleza, ndi malita 5 a madzi. Muike m'thumba lokhala ndi pulasitiki mkati, mumange kuti mpweya usalowe, lisungidwe pa mthunzi masiku 21, kenako muyanike pa mthunzi pomwepo. Akanyowa kwambiri amawola n'kununkha, thumba likabooka sapsa bwino. Koma dziwani kuti gaga ndi phulusa zili m'manja mwa amayi, ndipo gaga yemweyo ndi chakudya cha nkhuku, pena cha anthu pa njala. Bambo asangolamula kuti abwere nazo. Likhale gawo la dongosolo la banja lonse.

Aphunzitsi (Chipoka): Apa ndi pamene njira yoyendera banja ndi banja imagwira ntchito, ija a unduna wa zamalimidwe amaiphunzitsa kudzera mwa alangizi. Mwamuna, mkazi ndi ana okulirapo amakhala pamodzi, amajambula masomphenya a banja pa pepala, kenako amalemba ntchito zonse za tsiku ndi woigwira, katundu yense ndi womulamulira. Zojambula zimathandiza amene sadziwa kulemba. Abambo ambiri amatembenuka mtima akaona ndi maso awo kutalika kwa mndandanda wa ntchito za mkazi. Chimene chimalephereretsa ndi kuitana amayi okha ku maphunziro. Mayi amabwerera ndi nzeru zatsopano kwa mwamuna amene sanamve chilichonse, mapeto ake ndi mkangano. Aitanidwe onse awiri.

Mayi a ku Lifuwu: Ndipo maphunzirowo achitikire pa munda wachitsanzo m'mudzi momwemo, osati ku holo ya kuboma. Asapitirire maola awiri, ayambe cha m'ma 2 masana nsima itadyedwa. Lachisanu lisakhalepo chifukwa cha abale athu achisilamu, tsiku la msika ndi la sikelo ya ana nawonso ayi. Alimi otsogolera akhale awiriawiri, mayi ndi bambo, popeza pali amuna ena salola mkazi wawo kuyenderedwa ndi mlangizi wamwamuna. Uthenga wa zanyengo usamangopita pa foni ya bambo. Uziwerengedwa ku banki m'khonde, kumene amayi amakumana kale sabata iliyonse.

Achimwene a ku Joni: Ndamva amayi, ndipo za chikalata cha malo ndagwirizana nazo. Nkhawa yanga ndi mitengo. Tikadikira chaka, ndalama yomweyi sidzagulanso pampu yomweyi.

A Msungichuma: Nkhawa imeneyo ndi yoona. Titha kulipira pampu tsopano, koma isamangidwe mpaka chikalata chisainidwe ndi anthu anayi aja aphunzire. Wogulitsayo tigwirizane naye kuti kuphunzitsa kukhale mbali ya mtengo. Thanki idikire, ndalama yake ipite ku minda yachitsanzo ndi mayendedwe a alangizi. Pakhalenso thumba lokonzetsera pampu, mlimi aliyense aziponya akakolola, ndipo potapa azisaina awiri, mayi ndi bambo.

Alangizi opuma (Salima boma): Malo oika mapanelo akhale pa chitunda. Linthipe akasefukira salabada, ndipo pampu izichotsedwa m'mphepete mvula isanayambe. M'mbali mwa mtsinje musiyidwe mpata wosalima, mubzalidwe vetiva ndi bango.

Mayi a ku Lifuwu: Chatsala ndi msika. Onse akabzala tomato sabata imodzi, mtengo umagwa ku msika wa Kamuzu Road ku Salima. Zigawo zibzalidwe motalikirana masabata awiri, ndipo buku la zogulitsa lizilembedwa dzina la mwini chigawo, ndalama n'kuperekedwa kwa iyeyo m'manja kapena pa foni yake.

A Tcheya (Lilongwe): Zikomo nonse. A Mlembi, lembani maganizo a Msungichuma ngati achitatu, tivote Lamlungu madzulo. Aphunzitsi, konzani chikalata cha malo m'Chichewa kuti a gulupu akachione tisanavote. Alangizi, mutifunsire ku ofesi ya zamalimidwe ya dera lathu ngati mlangizi wa kumeneko angayambe kuyendera mabanja mu Julayi.