Mayi akuona tinthu takuda toyandama m'diso, kodi ndi ng'ala?

Mlimi_waku_Dowa:
Moni nonse. Mayi anga ali ndi zaka 63. Kuyambira Lachiwiri akuona tinthu takuda ngati tiudzudzu m'diso lakumanja, ndi kaulusi kopotana ngati ka kangaude. Akayang'ana kumwamba masana kapena pa khoma loyera m'pamene timaonekeratu, akatembenuza diso natonso timatsatira. Asamba m'maso kangapo koma sitikuchoka. Dzulo usiku akuti anaona ching'aning'ani m'mbali mwa diso lomwelo pomwe kunja kunali nyenyezi zokhazokha. Diso silikupweteka, silinafiire. Kodi ndi ng'ala ikuyamba? Tigule mankhwala odonthezera ku famase?

Wamaso_Zomba:
Achimwene, musagule kalikonse. Si ng'ala imeneyo. Ng'ala imabwera pang'onopang'ono ngati chifunga, sichita tinthu toyendayenda. Kusamba nako sikungathandize chifukwa tinthuto tili mkati mwenimweni mwa diso.

Kuseri kwa mwana wa diso kumadzaza madzi onanda ngati choyera cha dzira laliwisi, achipatala amati vitreous. Ndi mamililita pafupifupi 4, osadzaza n'komwe supuni ya tiyi. Munthu akamakula, makamaka akadutsa zaka 50, madziwa amayamba kusungunuka n'kufota, tiulusi take n'kuundana. Zomwe mayi akuonazo ndi mithunzi ya tiulusito ikugwera pa retina, kachikopa kopyapyala koyala kumbuyo kwa diso komwe kamalandira kuwala. N'chifukwa chake pamalo powala m'pamene zimaoneka bwino.

Zikanakhala zokhazo ndikanati khalani phee. Chandidetsa nkhawa ndi ching'aning'anicho. Madzi aja akamafota amamatuka ku retina, ndipo pomatukapo amaikoka. Retina siimva ululu, ikakokedwa munthu amangoona kuwala. Mwa anthu 10 omwe zimawayamba mwadzidzidzi chonchi, pafupifupi mmodzi amapezeka kuti yang'ambika. Pong'ambikapo madzi amalowa kuseri n'kuyamba kuisenda ngati pulasitala wa khoma lolowa chinyezi, ndipo pomwe yasendekapo sipaonanso. Choncho mawa m'mawa akaonedwe. Musayembekeze kuti diso lipweteke kaye, vuto ili silipweteka mpaka munthu kuchita khungu.

Lero lomwe auzeni atseke diso lakumanzere ndi chikhatho, ayang'ane ndi lodwalalo lokha. Akaona mdima ukubwera kuchokera m'mbali, kumwamba kapena pansi ngati wina akukoka katani, kapena timadontho tachuluka ngati mwaye, nyamukani nthawi yomweyo.

Namwino_Area25:
Ndiwonjezere za kuchipatala, poti ambiri amabwerera panjira. Kuwalitsa tochi pa diso sikokwanira, retina sioneka choncho. Ngati muyambira pa chipatala chaching'ono, nenani momveka kuti "tinthu toyandama tayamba sabata ino pamodzi ndi kung'anima", mupemphe kalata yopita kwa amaso. Kuchokera ku Dowa, Kamuzu Central ku Lilongwe kuli gawo la maso, ku Nkhoma nakonso kuli chipatala cha maso. A kummwera ali ndi chipatala cha maso cha Lions Sight First ku Queens ku Blantyre.

Kumeneko amadontheza mankhwala okulitsa mwana wa diso, mumadikira mphindi 20 mpaka 30, kenako dokotala amaunika mpaka m'mphepete mwa retina, komwe kawirikawiri imang'ambikira. Maso onse awiri aonedwe. Pambuyo pake mayi aziona chizimezime kwa maola 4 mpaka 6 ndipo dzuwa liziwathobwa, ndiye asapite okha, muwatengere chipewa kapena magalasi akuda. Musaiwale buku lakuchipatala ndi mankhwala onse omwe akumwa.

Retina ikapezeka yangong'ambika, amawotcherera mozungulira pong'ambikapo ndi kuwala kwamphamvu kotchedwa laser kapena kuziziritsapo ndi chipangizo chapadera kuti pachite chipsera chomata. Ndi ntchito ya mphindi zochepa, munthu sagonekedwa. Ikakhala yasendeka kale ndiye opaleshoni yaikulu, ndipo kusendekako kukafika pakati pomwe timawerengera ndi kuzindikirira nkhope, kawirikawiri kuona sikubwerera mwakale ngakhale opaleshoni iyende bwino. Akapanda kupeza kanthu, funsani tsiku lobwereranso, chifukwa ina imadzang'ambika patapita masabata angapo.

Mlimi_waku_Dowa:
Zikomo kwambiri achemwali, tilawira mawa. Ndinaiwala kunena kuti mayi ali ndi shuga, chaka chachisanu ndi chitatu chino.

Wamaso_Zomba:
Chimenecho mukachinene poyambirira penipeni. Shuga akakhalitsa amaononga timitsempha ta retina, diso n'kumeretsa tina tatsopano tosalimba tomwe timaphulika. Magazi akatayikira m'madzi aja munthu amaona timadontho, mizere yofiirira kapena utsi. Wa shuga aliyense amayenera kupimitsa kumbuyo kwa maso chaka ndi chaka ngakhale akuona bwinobwino. Akawayezenso BP.

Mphunzitsi_wa_Sayansi:
Kwa ena owerenga, si kung'anima konse komwe kuli kwa retina. Kwa retina kumakhala m'diso limodzi, m'mbali, kamphindi chabe, ndipo kumaoneka kwambiri mumdima. Mizere yokhotakhota yonyezimira ngati mano a sowo, yomakula pang'onopang'ono kwa mphindi 20 kapena 30, yooneka ngakhale mutseke diso ili kapena ilo, imeneyo imachokera mu ubongo. Ndi kalambulabwalo wa mutu waching'alang'ala, ndipo kwa ena mutuwo subwera n'komwe. Nyenyezi zomwe umaona ukadzuka mwadzidzidzi pampando ndi magazi ochedwa kufika kumutu, zimatha m'masekondi.

Pali enanso awiri omwe asazengereze. Mayi woyembekezera wodutsa masabata 20 akamaona kuthwanima, mutu ukupweteka, nkhope kapena manja zitatupa, athamangire kuchipatala chifukwa BP ingakhale yakwera moopsa. Winayo ndi amene ali ndi HIV chitetezo chitatsikitsitsa, makamaka CD4 ikachepera 50: tinthu toyandama tingakhale chizindikiro cha kachilombo ka CMV komwe kamadya retina mwakachetechete. Osaona patali ovala magalasi okhuthala, amene anachitidwa opaleshoni ya ng'ala, ndi amene anamenyedwapo pa diso, zimawayamba msanga ndipo retina yawo ing'ambika mosavuta.

Namwino_Area25:
Za mankhwala odonthezera zija: palibe dontho lomwe limasungunula tinthu timeneti, kaya la ku famase kaya la ogulitsa m'basi. Retina ikapezeka ili bwino, tinthuto sitichokeratu koma pakapita miyezi ingapo timatsikira pansi ndipo ubongo umatizolowera. Kakaima pakati mukuwerenga, yang'anani kumwamba ndi pansi kangapo, kamasuntha. Opaleshoni yochotsa madzi onsewo ilipo, koma imafulumizitsa ng'ala ndipo ingathe kusendetsa retina, ndiye madokotala sachita chifukwa cha timadontho tiwiri titatu.

Ndipo achimwene, muwaletse achibale kufinyira masamba, mkaka wa m'mawere kapena madzi a shuga m'disomo usiku uno. Sizifika komwe kuli vuto, zimangoyambitsa zilonda pagalasi la diso, ndipo galasilo likachita mtambo dokotala alephera kuona kumbuyo mawa.