Ulendo woyamba ku Sand Music Festival ndi mng'ono wanga wachialubino: ndithandizeni maganizo

Nabanda wa ku Area 25

Moni nonse. Chaka chino ndatsimikiza mtima kupita ku Sand Music Festival, chikondwerero cha zoimbaimba cha m'mphepete mwa nyanja ku Senga Bay, m'boma la Salima. Zoimbaimba zomwe ndinaonerapo ndi za m'holo ndi za kutchalitchi basi, za pamchenga masiku atatu sindizidziwa. Ndimaluka tsitsi kuno ku Lilongwe, ndipo ndalama ya matikiti ndakhala ndikuponya ku banki nkhonde kuyambira kumayambiriro kwa chaka.

Chomwe chikundisowetsa tulo n'chakuti ndikupita ndi mng'ono wanga, ndipo iyeyo ndi wachialubino. Ali ndi zaka 19, walemba MSCE chaka chomwe chino, ndipo ndinamulonjeza kuti akamaliza mayeso ndikamuonetsa nyanja. Amayi akukanitsitsa. Akuti dzuwa la ku Salima limupweteka, komanso pachigulu cha anthu osawadziwa usiku sipabwino. Mantha awo ndikuwamvetsa, tonse tikudziwa zomwe anthu achialubino akumana nazo m'dziko muno. Koma mwanayu wakula akungomva "usapite uko, khala m'nyumba", pamene nyimbo amazikonda kuposa tonse pakhomo pathu. Sindikufuna dziko lake lithere pakhonde.

Ndiye inu amene munapitako: tigone mu tenti kapena tifune chipinda? Tinyamule chiyani? Nanga amayi ndiwauze zotani kuti mtima wawo ukhale pansi?

Achimwene a ku Lifuwu

Achemwali, takulandirani kwathu kuno. Za tenti iwalani. Nyengo ino ikangokwana 7 koloko m'mawa mu tenti simukhalika, thukuta lokhalokha, ndiye mng'ono wanuyo akasowa kothawira masana. Funani chipinda chokhala ndi neti ndi fani, ndipo imbani lero lomwe, chifukwa sabata imeneyo malo ogona a ku Senga Bay amadzaza msanga ndipo mitengo imakwera. Mukasowa, gonani pa boma pa Salima. Ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 20, galimoto zimayenda, koma mugwirizane ndi dalaivala mmodzi wodziwika woti azikutengani usiku. Kabaza wapanjira pakati pa usiku, ayi.

Kuchokera ku Lilongwe nyamukani Lachisanu m'mawa kusanatenthe, ndipo mu minibasi iye akhale mbali yopanda dzuwa, osati pazenera. Mchenga wa masana umawotcha mapazi, choncho patapata wopyapyala sakwanira, tengani nsapato zotseka.

Za kusamba m'nyanja: sambani pamene pali anthu ambiri, m'mawa kapena dzuwa litapendeka. Usiku musayerekeze, ngakhale anzanu akukokeni bwanji. Pewani malo a bango ndi madzi odekha, m'menemo ndi mokhala nkhono zofalitsa likodzo. Mukabwerera, pakatha miyezi iwiri mukayezetse kuchipatala, mankhwala ake alipo. Mugulenso mafuta othamangitsa udzudzu, neti yokha siyikutetezani pomwe mukuvina panja mpaka mbandakucha.

Anasimango

Mwanangu, ine ndine mayi wachialubino, zaka zapitirira 40, ndipo kunyanja ndimapita. Mtengeni mwanayo. Kungoti konzekani bwino, chifukwa dzuwa la kunyanja limamenya kawiri: lochokera kumwamba, ndi lina lobwezedwa ndi madzi ndi mchenga. Munthu atha kukhala pansi pa ambulera tsiku lonse n'kupsabe kunsi kwa chibwano. Ngakhale kukhale mitambo, musanyengeke.

Mafuta oteteza khungu akhale olembedwa SPF 50, nambala yosonyeza mphamvu yake yoteteza ku dzuwa. Ngati amalandira kuchipatala, apite sabata ino akatengeretu, asadikire tsiku lonyamuka. Adzole asanatuluke m'chipinda, abwerezenso pakatha maola awiri aliwonse komanso akangotuluka m'madzi. Malo omwe timaiwala ndi makutu, kumbuyo kwa khosi, milomo, kuseri kwa manja ndi pamwamba pa mapazi. Inuyo muzimudzoza kumbuyo kwa makutuko, yekha safikako bwino. Chipewa chikhale cha khonde lalikulu lozungulira, osati kapusi, ndipo ngati waluka mizere avale duku mkati, poti khungu la pakati pa mizere limapsa msanga. Malaya a manja aatali a nsalu yothithikana: mukaiyang'anitsa padzuwa n'kuona kuwala kukudutsa, imeneyo siyani. Chitenje chimodzi chopindapinda m'chikwama chimathandiza zambiri, pokhalira, pofunda, pophimba miyendo.

Kuyambira 10 koloko m'mawa mpaka cha m'ma 4 madzulo akhale pamthunzi weniweni, agone, adye chambo chake mwamtendere. Sataya kanthu, oimba akuluakulu amakwera usiku.

Tsono chimene anthu ambiri sachiganizira ndi maso. Ife sitiona patali, ndipo magetsi othwanima a pasiteji amatithobwa m'maso. Mukaima kumbuyo, iye angomva phokoso osaona woimba. Pitani msanga mukapeze malo kutsogolo koma cham'mbali, osati pakati pomwe anthu amakankhana, ndiponso osati pafupi ndi masipika. Magalasi akuda asawasiye, ngakhale usiku amathandiza magetsi akachuluka. Mukasiyana pachigulu, iye sangakuoneni patali, ndinu amene muyenera kumupeza. Choncho mukangolowa sankhani malo amodzi owala, pafupi ndi achitetezo, muyende naye mpaka pamenepo awadziwe, ndipo mugwirizane kuti mukatayana aime pomwepo osasuntha. Kuchimbudzi muzipita limodzi.

Koma chonde musamugwire dzanja usiku wonse ngati kamwana. Ndi mtsikana wamkulu, msiyeni avine. Ena adzamuyang'anitsitsa, ena adzafuna kujambulitsa naye. Mumuuziretu kuti ali ndi ufulu wokana.

Kwa amayi anuwo, apatseni dzina la malo ogona ndi nambala ya dalaivala, ndipo muziwaimbira m'mawa ndi madzulo pa nthawi yomwe mwapangana. Akamve mawu a mwana wawo, osati anu okha.

Mjomba Phiri

Ndiwonjezere za ndalama ndi foni. Anthu akachuluka netiweki imavuta, ndiye musadalire Airtel Money kapena Mpamba yokha. Tengani ndalama zapamanja, zosinthasintha, muzigawe pawiri, zina kwa inu zina kwa iye. Kachikwama kakhale kakutsogolo. Power bank ikhale yodzaza, ndipo nambala yanu mumulembere papepala ndi zilembo zikuluzikulu. Madzi imwani musanamve ludzu, ndipo ikani mapaketi a Thanzi awiri atatu m'chikwama. Chakumwa chomwe mwasiya osachiyang'anira musachimwenso. Tikiti gulani kwa ogulitsa omwe okonza chikondwererochi alengeza, osati kwa munthu wa pa WhatsApp.

Nabanda wa ku Area 25

Zikomo kwambiri nonse. Anasimango, uthenga wanu ndawawerengera amayi madzulo ano. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anafunsa ngati chipewa chomwe mng'ono wanga ali nacho chikukwanira kapena tigule china. Sananene kuti avomera, koma mawa akuti tipitire limodzi ku kaunjika kukasankha malaya a manja aatali. Za maso zija sindinaziganizeko n'komwe, ndipo mng'ono wanga wati n'zoona, ngakhale kutchalitchi kwaya saiona bwino akakhala kumbuyo.

Achimwene a ku Lifuwu, chipinda ndapeza pa boma. Kodi Lamlungu madzulo minibasi za ku Lilongwe zimapezeka mpaka nthawi yanji, kapena tigonenso tinyamuke Lolemba m'mawa?